Mizati inayi ya ng'anjo ya azakhali

Loweruka lapitali tinakaonetsa chiliza cha azakhali anga aNambewe, kumudzi kwathu kufupi ndi Chisemphere. Patha chaka chiwaikire m'manda. Anthu anabwera ambiri, kwaya inaimba bwino, chiliza nacho n'chooneka, cha matailosi oyera. Koma ine maso anga sanali pa chilizapo. Anali pa chisakasa chimene amuna a pamudzi anamanga kuti alendo asapse ndi dzuwa. Anachiyamba nkhuku zitangotsika, pofika nthawi ya tiyi chinali chitatha, n'kufolera komwe. Ndinawerenga mizati yake, inakwana khumi ndi iwiri. Mtima unandiwawa moti ndinanyamuka mwambo usanathe, anthu n'kumati ndi chisoni. Sichinali chisoni, unali mkwiyo. Azakhali anamwalira akupempha mizati inayi yokha.

Mizati inayiyo inali ya ng'anjo. Kuseri kwa minda yathu ya fodya, m'kankhalango kamene katsala pakati pa mudzi ndi mpanda wa paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, munali ng'anjo imene makolo athu ankasungunuliramo miyala n'kutulutsa chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Inali youmbidwa ndi dothi la pachulu, yotupa m'mimba, yowonda m'khosi, yokhala ndi timakomo m'munsi. Moto unasiya kuyakamo azakhali asanabadwe, makasu a m'sitolo atabwera. Koma agogo, bambo awo a azakhali, amene anasenzerako makala pa ng'anjopo ali mnyamata, sanaitaye. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankakamata ming'alu n'kuivindikira kukamwa ndi kadenga ka udzu. Agogo atamwalira, ntchitoyo anaitenga bambo anga. Bambo anga atamwalira, ng'anjo inatsala m'manja mwa mlongo wawo, azakhali, amene anali asanaionepo ndi maso chibadwire.

Inde, mwamva bwino. Lamulo la osula linali loti mkazi safika pa ng'anjo. Malire ake anali mtengo wa muwanga umene uli pakhomo pa kankhalangoko, ndipo ukaima pamtengopo ng'anjo siioneka, imabisika kuseri kwa chulu. Pa nthambi ya muwangawo ankapachikapo khasu lakutha lopanda mpini. Mtsikana wobweretsa chakudya ankatula pansi, n'kumenya khasulo katatu, n'kutembenuka kubwerera. Azakhali anachita zimenezi kuyambira ali kamtsikana, bambo awo akamamata ng'anjo, ndipo anakalamba akuchitabe zomwezo ngakhale kunalibenso wowayankha.

Alendo anayamba kubwera chifukwa cha njovu. Munthu amachoka kutali, n'kukagona ku Lifupa, malo ogona alendo m'pakimo, n'kuzungulira m'paki tsiku lonse, njovu osaonekera. Madalaivala anatulukira kuti mlendo wokhumudwa ukamuuza kuti kunja kwa mpanda kuli ng'anjo yakale ndi gogo wodziwa mbiri yake, nkhope imamasuka. Ine ndimaphunzitsa pa pulayimale pafupi pomwepo, ndiye ankandiitana kuti ndizimasulira m'Chingerezi. Ndinamasulira zaka zambiri, ndipo zonsezo ndinali kukangana ndi azakhali chamumtima, nthawi zina chapakamwa.

Galimoto ikaima pakhomo azakhali sankathamanga. Ankati mlendo ndi mame, koma mame sauza mwini munda nthawi yodzuka. Ankalowa m'nyumba, kusintha duku, kufunafuna ndodo imene inali m'manja mwawo momwemo, alendo ali chiimire padzuwa. Panjira ankatsogola okha. Mtengo uliwonse wamoyo ankautchula dzina ndi ntchito yake: uwu wa makala, uwu wa luzi, uwu ukaumwa m'mimba mumaleka. Chitsa chilichonse ankachitchula dzina la amene anachidula, mokweza, ngakhale mwini wakeyo akulima pafupi. Ankatukwana fodya kuti wadya nkhalango yonse kuchokera kwathu mpaka ku Nkhamenya, kenako n'kutulutsa kabotolo kawo m'chitenje, n'kufwenkha fodya yemweyo mpaka misozi. Ndikawafunsa za zimenezi ankati mphuno yawo sinagwetsepo mtengo.

Pamuwanga ankamenya khasu katatu, n'kukhala pa mwala wafulati atafulatira ng'anjo. Apa m'pamene ankagawa alendo ngati akusankha fodya. Amuna adutse ndi dalaivala, akazi akhale pansi. Akazi akadandaula, ankandiuza kuti ndiwauze kuti iwo ndiwo apata, pakuti amunawo akukangoona dothi, pomwe mbiri yatsala pano. Ndipo zoonadi, pofotokoza ankatha. Ankanena za amuna ogona m'tchire masiku ambiri osayandikira akazi awo, za makala a muwanga, za nyimbo zolaula zimene osula ankaimba poti kunalibe apongozi owamva. Ankati ng'anjo ndi mkazi wapakati, chitsulo ndiye mwana wake, n'chifukwa chake imachita nsanje ikamva fungo la mkazi wina, n'kupita padera. Ankati ndi yaitali ngati denga la tchalitchi, ndipo utsi wake unkaoneka ulendo wa tsiku lathunthu. Ine pomasulira ndinkachepetsako, poopa manyazi amuna aja akabwerako. Chingerezi sankachimva, koma ankayeza kutalika kwa mawu. Ndikafupikitsa ankandigwaza ndi ndodo m'nthiti, ati ndikudya mawu awo ngati anankafumbwe.

Athu a m'tauni ndiwo ankawatopetsa kwambiri. Amafika ndi nsapato zoyera, funso loyamba n'lakuti kodi gule atuluka nthawi yanji. Azakhali ankawayankha kuti gule si wailesi yoti n'kutsegula mlendo akafika, ndipo wofuna kumuona adikire maliro. Ena ankafuna kuwajambula atagwira khasu lija akumwetulira. Zithunzi zonse za azakhali zimene zili m'mafoni a anthu, nkhope yake ndi ya munthu amene waberedwa mbuzi.

Mkangano wathu weniweni unabwera ndi mzungu wina wamkazi. Anali wachikulire, wophunzira za zitsulo zakale, ndipo anati wayenda maiko angapo kufunafuna ng'anjo yoima yathunthu. Anabwera ndi tepi yoyezera. Pamuwanga azakhali anamuimitsa. Mayiyo anapempha, anagwada, anasonyeza kuti wavala thalauza. Azakhali anati ndimuuze kuti thalauza ndi chikwama chabe, ng'anjo imadziwa zimene zili m'katimo. Ndinamasulira mwaulemu momwe ndikanathera. Mayiyo anapereka kamera ndi tepi kwa dalaivala, n'kukhala pansi atakwiya. Dalaivala atabwerako, anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenako anandikokera pambali. Anati ng'anjoyo ikapanda kumangiridwa denga lenileni, mvula zingapo zikubwerazi ziimaliza. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinapita ndekha. Ndinadutsa muwanga, ine munthu wamkazi, mphunzitsi wa sayansi, wonena m'kalasi kuti zimenezi n'zikhulupiriro chabe. Kadenga kamene bambo anasiya kanali kataolera m'kati. Mng'alu unachokera kukamwa mpaka pamimba, woti dzanja langa linalowamo. Alendo ena anali atazokota maina awo pakhoma ndi makiyi. Ndinabwerera molunjika kwa azakhali n'kuwauza zonse. Za mng'alu sanafunse, za denga sanafunse. Anangofunsa ngati ndadutsa muwanga. Nditavomera, anatenga kabotolo kawo n'kulowa m'nyumba.

Miyezi inayi sanandilankhule. Shuga amene ndinkawatumizira ankabwerera ndi amene wapita naye. Alendo ankamasuliridwa ndi madalaivala, amene ankangopeka zawo. Atayamba kundiyankhanso moni, ndinayesa njira ina. Ndinawauza kuti akuluakulu ena amati mkazi amene anasiya kusamba ali ngati mwamuna, akhoza kufika pa ng'anjo, ndiye apite akadzionere okha. Anati bambo awo sanawauzepo zimenezo, ndipo wakufa sungamufunse kuti awonjezere mawu. Koma za denga anavomera. Anati kufunika kachigafa kakang'ono, mizati inayi ndi udzu, monga zimene mwamuna aliyense kwathu amamanga chaka ndi chaka zoyanikamo fodya. Anaitana mwana wawo Filimoni, msuweni wanga, ndi achimwene anga a Yotamu. Onse anavomera ndi manja awiri.

Tiyeni tiyeni sachoka. Ati tikafesa nazale. Ati tikawokera. Ati pano tikuthyola, kusoka sikudikira. Ati tikadinda mabelo. Ati tikabwera ku okushoni. Akabwera ku okushoni, Filimoni ankasowa sabata ziwiri ku Kasungu, n'kubwera ndi wailesi yatsopano ndi mutu wowawa. Kenako nazale ina. Zaka ziwiri zinatha choncho, ine ndikuyenda pakati pa makomo atatu ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndiye m'mawa wina wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana, ndinamva ngolo. Filimoni ndi achimwene anali atakweza mizati inayi ya bulugamu, yowongoka bwino, yochita kugula poti mitengo kwathu inatha, ndi mitolo ya udzu pamwamba. Ndinatsala pang'ono kuimba nthungululu. Tinapita tonse, azakhali patsogolo. Titafika pamuwanga anatembenuka, n'kupingasa ndodo panjira.

"Filimoni, wagona kuti?"

"Kunyumba kwanga, amayi."

"Pamphasa imodzi ndi mkazi wako?"

Filimoni ndi bambo wa imvi, mkulu wa mpingo, wa zidzukulu. Anafunsidwa zimenezi ndi mayi ake omubereka, pamaso pa ine msuweni wake, pamaso pa mwini ngolo. Achimwene anayang'ana kumwamba ngati aona ndege. Azakhali anapitiriza osaphethira. Anati munthu wotentha sakhudza ng'anjo, apite akakhale padera ndi akazi awo sabata yathunthu, akazizira abwere, ndipo akaziwo adzawafunsa okha. Filimoni anagwira ng'ombe pachingwe n'kutembenuza ngolo. Mizati ija ilipo mpaka lero, ili m'chigafa chake, mzere wa kumadzulo.

Tsiku limenelo ulemu unandithera. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mvula, azakhali, mudzaifunsanso kumene yagona?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti bola igwe ili yoyera kusiyana n'kuti iime itadetsedwa. Ndinawasiya pamwala pomwepo. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Amenewa agonera zaka zitatu tsopano, ndipo sanakomebe.

Sindikufuna kuti muwaone ngati munthu wouma mtima. Mayi wina wa matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe, wochokera kutali kummwera, anamwalira mwana wake pakati pa dzinja, wopanda mbale aliyense. Azakhali ndiwo anapita kukasambitsa mtembo, n'kukakamiza a pamudzi kuti mwanayo agone m'manda athu. Kutchalitchi sankajomba. Koma pa za ng'anjo anali ngati chitsa. Ndikuganiza kuti ankaona kuti chinthu chokha chimene bambo awo anawasiyira m'manja ndi lamulolo. Dothi anasiyira amuna, iwo anawasiyira choletsa, ndiye anachisunga mpaka chinadya chimene chinkatetezedwacho.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Alendo aamuna akamabwerako ku ng'anjo ankanena m'Chingerezi zimene aona, kuti mng'alu wakula, kuti khosi lapendekeka. Azakhali akafunsa kuti akuti chiyani, ndinkati akuti ndi yokongola. Ndinali nditatopa ndi mikangano.

Bodza langalo linatha mu Febuluwale wa chaka chatha. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Itangokata kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe ndi banja lake, wofuna kuti ana ake adziwe kumene makasu anachokera. Ameneyu sankafuna womasulira. Atabwerako anagwada bwinobwino pafupi ndi mwala uja, n'kunena m'Chichewa chomveka kuti pepani mayi, mbali imodzi yagwa, ndipo dothi lake likadali lonyowa. Azakhali anandiyang'ana. Anatsegula kabotolo, n'kukatsekanso osafwenkha.

M'mawa mwake mkazi wa Filimoni anabwera akuthamanga, ati amayi atuluka ndi khasu, asenza mtolo wa udzu umene azula padenga la khitchini yawo. Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima pamuwanga, mtolo uli pamutu, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, miyendo yonse matope. Anadziwa kuti ndili kumbuyo kwawo koma sanacheuke. Anamenya khasu lija katatu, n'kudikira ngati wina ayankha. Kenako analankhula motsitsa.

"Atate, ndine Nambewe. Amuna ndawadikira, sanabwere. Ndikulowa."

Anadutsa. Anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi, mpaka anazungulira chulu. Pamenepo anaima nthawi yaitali. Theka la ng'anjo linali mulu wa dothi lofiira, theka linali chiimire, m'kati mwake muli mwakuda, mowala ngati galasi losweka. Ndinkayembekeza kulira. Iwo anatula mtolo, n'kuyandikira, n'kuona kuti khoma lotsalalo langowapitirira pang'ono pamutu.

"Kani ndi yaing'ono chonchi?"

Pakhomapo panali mizere ya zala za anthu amene ankamata. Anaika zala zawo m'mizeremo, n'kuzitsetsereka mpaka pansi. Anati zazikuluzi ndi za bambo awo, ankazidziwa poti chala chimodzi chinali chopindika. Atatero anapukuta dzanja pachitenje, n'kuyamba kuyeza ndi mapazi. Tsiku limenelo anakumba mayenje awiri, mawa lake ena awiri. Khasu nditawalanda anandilandanso. Udzu uja anauyala pamwamba pa khomalo n'kumanga ndi luzi. Atamaliza anandituma kuti ndikauze Filimoni ndi achimwene kuti abwere aliyense, wotentha kaya wozizira, mwamuna kaya mkazi, iwo safunsanso munthu funso. Mayenje akumba kale, kwatsala mizati basi.

Ndinakanena. Filimoni anati fodya wapsa m'munda, ndipo iye si mwana woti azitumidwa lero n'kunyozedwa mawa. Achimwene anati akambirana ndi Filimoni. Nanga ine? Mizati inayi ndikanatha kuigula, ngolo ndikanatha kuipeza, ndipo akazi anzanga a kusukulu akanandithandiza kuimika. Koma mumtima munali kakuti, ndinanena ine, aone tsopano. Ndinati ndidikire sukulu itseke. Itatseka ndinati mvula yatha kale, palibe chofulumirira.

Azakhali sanatengenso mlendo. Madalaivala akabwera ankawabweza, ati anamiza anthu zaka zonsezi za denga la tchalitchi, ndipo alibe nkhope yoti akanene zoona. Chifuwa chimene anachitenga m'matope muja sichinawasiye. Ndikapita kukawaona, moni asanamalize kuyankha ankafunsa mawu amodzi okha, oti mizati. Ine ndinkati mawa, azakhali. Anamwalira mu Juni. Pamaliro pawo Filimoni analira kuposa tonse, n'kulonjeza pamaso pa anthu kuti kachigafa ka amayi kamangidwa mwezi usanathe. Ndinamumva, nanenso ndinalonjeza chamumtima. Khoma lija linagwa ndi mvula yoyamba ya mu Disembala.

Ndiye Loweruka, nditachoka pa chisakasa cha mizati khumi ndi iwiri chija, ndinadutsa m'minda mpaka ku kankhalango. Ndinakwiyira Filimoni, ndinakwiyira achimwene, ndinakwiyira azakhali ndi funso lawo lija, ndipo ndinadzikwiyira ndekha kuposa onsewo. Kanjira kanatsekeka ndi udzu poti madalaivala anasiya kubwera. Mizere ya fodya ya mnansi wathu yafika pafupi kwambiri, mapesi ake ali mbuu, osazulidwa. Muwanga ulipo, koma wina wausema kale ndi nkhwangwa mbali imodzi, kuyesa ngati ungagwe msanga. Khasu likadali panthambi, ladzimbiri. Mwala wafulati uja wadzaza zitosi za mbalame, ndipo pambali pake pakadali kamphako kamene ndodo yawo inaboola pansi pokhala zaka zonse zija.

Kuseri kwa chulu kuli mulu umodzi wofiira, wosalala ndi mvula, woti mlendo angaupitirire n'kumati ndi chulu chinzake. Zala za agogo zinasungunuka. Luzi lija lili pansi, likadali ndi mfundo yake. Kuzungulira muluwo kuli mayenje anayi, oyang'anana bwino ngodya ndi ngodya, odzaza masamba ouma. Ndinagwada pa limodzi, n'kuchotsa masambawo, n'kupisamo dzanja. Linalowa mpaka m'chigongono, monga momwe dzenje la mzati limayenera kukhalira.